Mtsikana wa zaka 14 akugwabe ngakhale ali pa pheno (phenobarbital, mankhwala a khunyu), ndimutani?

Sista wa OPD: Anzanga ndithandizeni mutu waima. Ndili ndi mtsikana wa zaka 14, anamuyambitsa pheno miyezi isanu yapitayo ati ndi khunyu, buku lake ladzadza ndi ma review koma akugwabe. Lero wagwera pa benchi ine ndikuona, maso watsinzina zolimba ndikamati nditsegule chikope akukaniza, mphindi ngati 15 akungogwedezeka, lilime sanadzilume, atadzuka kumangolira. Malungo negative, shuga ali bwino. Pamkono pali zipsera za lezala zina zatsopano. Mayi ake akuti wayambanso kukodza pogona, sukulu wasiya, ndipo zonsezi zayamba bambo omupeza atasamukira pakhomopo. Mwana osayankhula olo liu limodzi mayi ake akakhalapo. Ndimusiyitse pheno? Ndimutumize ku chipatala cha amisala ku Zomba? Mzere panja ndi wautali, chipinda choti ndikhale naye awiri ndilibe.

CO (clinical officer) wa ku ward: Khunyu ameneyo sista. Muyezeni sikelo, ana amakula dose nkutsalira. Muwonjezere kapena mumusinthire carbamazepine basi.

Nesi wa zamisala: Chonde pheno musamusiyitse mwadzidzidzi, miyezi isanu ndi yambiri, akhoza kugwa kwenikweni mpaka status, kugwa kosalekeza kuja. Ngati nkuchotsa achotse wina atamuunika, pang'onopang'ono. Koma zomwe mwalongosolazo zikufanana kwambiri ndi kugwa kochokera m'maganizo. Ndipo musanene kuti akunamizira, sakunamizira, thupi likunena zomwe pakamwa pakukanika. Za lezalazo mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumupatsa maganizowo ayi.

Wa social welfare: Sista mayiwo atumeni ku pharmacy kapena akagule chakudya, mwana mukhale naye olo mu store room. Musamuuze kuti zonse zikhala zachinsinsi, chifukwa akangoulula zogwiriridwa simungazisunge, lamulo lija la 2010 loteteza ana likutimanga tonse. Muuzeni kuti mudzangouza okhawo amene angamuteteze. Ndipo musamufunse kuti abambo akowa amakugwira eti, mukamuikira mawu mkamwa nkhani imakagwa ku khoti. Lembani momwe wanenera iyeyo.

CO wa ku ward: Mwayamba kale za khoti munthu simunamupange olo EEG, kuyeza mmene ubongo ukugwirira ntchito. Ine ndaona ana ambiri otchedwa hysteria, ati ndi za m'maganizo chabe, kenako nkudzagwera pamoto. Khunyu ndi khunyu.

Nesi wa zamisala: Achimwene EEG yo ku health centre aipeza kuti? Komanso ziwirizi zimatha kukhalira limodzi mwa munthu mmodzi, nchifukwa ndati mankhwala asawadule. Koma kukodza pogona pa zaka 14 ndi kudzicheka, dose ya pheno ikukhudzana nazo bwanji?

Mzamba wopuma: Ana anga ine ndinalakwitsapo zotere ndipo mpaka lero zimandipweteka. Kamtsikana kenakake kankabwera mwezi ndi mwezi mutu, m'mimba, kugwa, ife kumangopereka panado ndi kumauza agogo ake kuti apite nako kumapemphero poti iwo ankati ndi ziwanda. Patatha zaka ndinadzakapeza ku antenatal kali ndi mimba, osadya, osagona, kumva mawu. Ndi pamene kanandiuza za amalume ake, kuyambira kali sitandade 4. Palibe mmodzi wa ife anakafunsa kali kokha. Sista pezani mphindi khumi zimenezo, mzerewo udikira.

Wa social welfare: Amayi mwanena zoona. Kafukufuku uja wa ACE ku America, anthu oposa 17,000, anaonetsa kuti nkhanza zaubwana zikamachuluka ndi pomwenso kukhumudwa ndi kuyesa kudzipha zimachuluka munthu atakula. Sista, akaulula funsani tsiku lomaliza lomwe anamugwiririra, PEP, mankhwala oteteza ku HIV aja, ndi maola 72 okha, muyezenso mimba ndi HIV. Kenako One Stop Centre, malo othandizira ochitiridwa nkhanza, ngati ili pafupi, apo ayi Victim Support ku polisi, kapena imbani 116, nambala yothandiza ana. Chachikulu asabwerere kukagona nyumba imodzi ndi munthuyo usiku uno. Samalaninso ndi mayiwo, nthawi zina amadziwa koma ufa akugula ndi bamboyo, akhoza kuthawitsa mwana osabweranso.

Sista wa OPD: Nanga akakana kuyankhula? Galimoto kulibe, ambulansi akuti mafuta.

Nesi wa zamisala: Musamukakamize, tsiku loyamba ambiri sanena. Mugonekeni ngati observation ngati bedi lilipo, mawa muyesenso. Ku Zomba musathamangire, mwana ngati ameneyu kumupititsa kutali ndi kwawo atamatidwa dzina lamisala, wolakwa nkutsala pakhomo, mwamulanganso kachiwiri.

CO wa ku ward: Ine ndanena, muyezeni sikelo kaye.

Mzamba wopuma: Za mafutazi kwathu kunonso nchimodzimodzi, sabata yatha mayi woyembekezera anapita pa kabaza. Sista mwanayo akadali pompo?