Zatheka: kutembenuka moyang'ana mphepo pa bolodi yopanda malamba

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha. Ndinafunsa chifukwa chimene ndinkagwera m'madzi nthawi zonse ndikafuna kuchita tack (kutembenuka moyang'ana mphepo) pa bolodi yopanda malamba a kumapazi, pa masewera oyenda pamadzi mokokedwa ndi kaiti.

Ndinatsata malangizo a achimwene aja amene anati ndiyang'ane kaiti, mapazi abwere pambuyo. Kuno ku Mulanje kulibe madzi oyeserera, choncho ndinkaphunzira kusinthanitsa mapazi pakhonde, pathabwa loyala pamphasa, mpaka miyendo inazolowera. Mwera utayamba kuwomba mu Juni ndinapita kunyanja ku Mangochi.

Chimene chinasintha zonse ndi ichi. Kaiti ndimaikweza pang'onopang'ono mpaka ifike pamwamba pamutu, uku mphuno ya bolodi ndikuilozetsa kumene mphepo ikuchokera. Ikafika pamenepo ndimakoka ndodo yowongolera pang'ono, thupi limapepuka, ndipo m'kanthawi komweko phazi lakumbuyo limakankha bolodi kuti izungulire. Mapazi akangosinthana ndimagwetsa kaiti mbali yatsopano mwachangu, apo ayi liwiro limatha, bolodi n'kumira. Mukaikweza kaitiyo mothamanga imakupitirirani n'kukugwetsani chagada.

Amene munati ndiyambe pa bolodi yotakata munanena zoona, imayandama bwino ngakhale liwiro litachepa.

Kwa amene akubwera pambuyo panga: mwera ukakula nyanja imachita mafunde aafupiafupi amene amachotsa bolodi kumapazi, ndiye sankhani malo otchingika, kutali ndi maukonde ndi mabwato a asodzi. Mbali ya kumanzere ndikugwabe nthawi zina, ndipo ndibwererako mu Ogasiti mwera usanathe.