Chris-Craft yakale ya matabwa: ndiyambire pati, pansi pake kapena mbiri yake?

Chembe22:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Pali boti la matabwa la Chris-Craft, kampani yopanga maboti ya ku America, kuno ku Michigan, lotalika mafiti 22, lomwe lakhala m'shedi zaka zambiri osalowa m'madzi. Pepala la umwini likuti ndi la 1950 koma sindikulikhulupirira. M'mbali monse ndi lopakidwa penti woyera, pamwamba pokha ndiye pali vanishi wosuluka. Matabwa a pansi atalikirana moti kuwala kukudutsa, ndipo injini ya masilinda 6 siikutembenuka. Mafunso ndi atatu. Ndingadziwe bwanji chaka chake chenicheni ndi komwe linachokera? Penti woyerayu ndimupale kuti ndibwezeretse vanishi? Nanga pansipa, kumata fibreglass sikungathetse vuto la kulowa madzi?

MmisiriWaAlgonac:

Achimwene, sandipepala ayambe wadikira. Musapale kanthu musanapeze nambala ya botilo.

Maboti a nthawi imeneyo alibe nambala ya zilembo 12 ija yomwe timaiona kumbuyo kwa maboti a masiku ano, chifukwa lamulo lake ku America linayamba mu November 1972. Chris-Craft inkadinda nambala yakeyake m'thabwa lenilenilo. Yang'anani pamwamba pa mitanda iwiri yomwe injini imakhalapo, kunsi kwa chivundikiro cha injini, kuseri kwa matabwa a mipando ndi kunsi kwa matabwa opondapo. Nthawi zambiri imakhala itakwiririka ndi penti ndi girizi. Pukutani ndi nsanza ya parafini, kenaka muunike ndi tochi chopingasa, osati molunjika, kuti mithunzi ionetse zilembozo. Mukapala ndi makina, nambalayo yapita basi, chifukwa siinalowe kwambiri. Muipeze malo awiri kapena atatu ndipo ifanane. Chivundikiro cha injini chokha si umboni, anthu amasinthanitsa zivundikiro.

Malinga ndi momwe mwalifotokozera, likhoza kukhala Sportsman ya mafiti 22, yomwe nambala yake imayamba ndi U-22. Anapanga oposa 2,000 kuyambira 1946 mpaka 1954. Apa ndiye pali nkhani ya penti wanuyo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, mitengo ya mahogany yochokera ku Philippines inkasowa, ndiye ena mwa maboti oyambirira a mtundu umenewu anawakhoma m'mbali ndi matabwa a cedar n'kuwapaka zoyera kufakitale komweko. Ngati lanulo ndi limodzi mwa amenewo, penti woyerayo ndiye mtundu wake weniweni, ndipo pansi pake simupezapo thabwa lofiira loti n'kupakapo vanishi. Palani kadera kakang'ono mkati, pamalo obisika, muone mtundu wa mtengo ndi fungo lake.

Nambala mukaipeza, lemberani ku The Mariners' Museum ku Newport News, Virginia. Kumeneko n'komwe kukusungidwa mapepala akale a kampaniyi, kuphatikizapo khadi la pafupifupi boti lililonse lomwe amati hull card. Amalipiritsa kuti akutumizireni kope. Pakhadipo pamakhala mtundu wa boti, nambala ya injini yomwe linatuluka nayo, tsiku lomwe linatumizidwa, wogulitsa yemwe analilandira, ndiponso nthawi zambiri mtundu wa mipando ndi zina zomwe wogula anawonjezera. Fananizani nambala ya injiniyo ndi yomwe ili pa kachitsulo ka pa injini yanu. Zikagwirizana, botilo lakwera mtengo pomwepo.

Khadilo limathera pa wogulitsa woyamba, eni ake otsatira mulibe. Amenewo mumawasaka pa botilo. Unikani thabwa lakumbuyo chopingasa, dzina lakale limasiya chithunzithunzi pansi pa penti. Kutsogolo kumakhala zizindikiro za nambala ya boma. Yoyamba ndi MC ndi ya Michigan, NY ndi ya New York, ndipo mukadziwa dera mumadziwa kofunsa. Jambulani chilichonse musanamasule, ngakhale mabowo a masikuluwu akale, chifukwa ndi omwe amaulula pomwe panali nyali kapena mbendera.

Nkhwazi_Holland:

Za fibreglass, ayi ndithu. Matabwa amafufuma akanyowa n'kubwerera akauma, pomwe fibreglass siisuntha. Pakapita nthawi imamatuka, madzi amalowa pakati n'kusowa potulukira, ndipo nthiti za boti, mitengo yamkati yomwe matabwa amakhomedwapo, zimavunda mwakachetechete kunja kukuwala.

Mumvetse kaye momwe pansipo anapangira. Pali matabwa osanjikiza kawiri: amkati opyapyala oikidwa chopingasa, kenaka chinsalu cha kanivasi chopakidwa phala lamafuta, ndiye akunja oyenda m'litali. Botilo linkafuna kunyikidwa masiku angapo chaka chilichonse kuti matabwa afufume n'kutseka mipata. Vuto ndi lakuti thabwa likafufuma lilibe kothawira, m'mphepete mwake mumatswanyika, ndiye likauma mpata umakula kuposa chaka chatha. Kanivasi uja anaola kalekale. Masikuluwu ake anali a brass, omwe zinc wake amasungunuka pang'onopang'ono n'kusiya mkuwa wofiirira wofumbutuka. Zulani masikuluwu 10 kapena 12 m'malo osiyanasiyana. Akamaduka mutu kapena kungozungulira osagwira, pansi ponse pakufunika kusintha.

Ndondomeko yake ndi iyi. Chotsani injini, thanki, shafti, chiwongolero cha pansi ndi zitsulo zonse, chilichonse m'kathumba kake kolembedwa. Khomani mitanda yopingasa mkati kuti botilo lisapindike, kenaka mulitembenuze chafufumimba pa zochirikiza, mulilinganize ndi levulo mbali zonse. Kokani chingwe pamwamba pa keel, msana uja wa pansi. Boti lomwe lakhala nthawi yaitali pa thirela yosachirikiza bwino limakhala litapindika msana, ndipo mukakhoma matabwa atsopano musanawongole, mwakhomerera kupindikako mpaka kalekale. Lidzayenda mopendekeka kapena kudumphadumpha.

Matabwa akale muwachotse bwinobwino n'kuwalemba manambala, ndiwo mapatani anu. Bayani nthiti iliyonse ndi kachitsulo kosongoka, makamaka kumapeto komwe imakumana ndi chine (mtanda wa pangodya pomwe pansi pa boti pamakumana ndi m'mbali), kunsi kwa injini komwe oyilo wanyowetsa mtengo, ndi m'munsi mwa thabwa lakumbuyo. Mtengo womwa oyilo sugwira sikuluwu ngakhale ukuoneka wolimba. Sinthani nthiti modumphitsa, imodzi kusiya imodzi, osati zonse pakamodzi, apo ayi mwataya maonekedwe a boti. Keel ndi chine ambiri amagwiritsa white oak. Red oak musayerekeze, ili ndi timabowo tomwe timakoka madzi ngati bango.

Njira yomwe yafala masiku ano ndi yoti m'malo mwa matabwa amkati aja muike pulayiwudi wa maboti wa muyezo wa BS 1088, wa mamilimita 4 mpaka 6. Thabwa lililonse limwe kaye epoxy wolowerera mbali zonse. Ndiye mumapaka phala lomatira la 3M 5200 ndi chopakira cha mano, wochindikala pafupifupi mamilimita 3, n'kugoneka thabwa lakunja pamwamba pake mpaka phalalo litulukire m'mphepete. Pa boti la mafiti 22 konzekerani machubu oposa 30. Amene amaumira apa amasiya mphako zomwe zimasunga madzi. Siyani kampata ka milimita imodzi kapena kupitirira pang'ono pakati pa matabwa akunja. Chinyezi cha matabwawo chikhale pakati pa 12 ndi 15 peresenti. Owuma kwambiri amadzatukumuka akalowa m'madzi. Masikuluwu akhale a silicon bronze, obooleredwa kaye bowo la saizi yake. Stainless steel pansi pa madzi, mkati mwa mtengo wonyowa momwe mulibe mpweya, imadyeka n'kuduka. 5200 wamba amatenga mpaka masiku 7 kuti aume, musafulumire kupala.

GogoVanishi:

A Nkhwazi anena zoona pa za pansi, koma ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi: anthu akayamba kusintha matabwa sadziwa polekera. Pansi sinthani, moyo wa anthu uli pamenepo. Koma matabwa a m'mbali ndi apamwamba, ngati sanavunde, asiyeni. Bungwe la Antique and Classic Boat Society, lomwe linayamba mu 1975, limasiyanitsa boti losungidwa ndi boti lomangidwanso, ndipo kuti likhale m'gulu loyambalo pamafunika kuti matabwa akale a m'mbali ndi pamwamba atsale osachepera 60 peresenti. Kwa ine boti lokhala ndi zipsera zake limaposa lonyezimira lomwe langotsala nambala yokha.

Pomwe pakufunika chigamba, dziwani kuti chomwe Chris-Craft inkachitcha Philippine mahogany si mahogany weniweni, ndi mitengo ya mtundu wa Shorea. Woyandikira kwambiri lero ndi dark red meranti. Ena amaika African mahogany, womwe ndi banja la mbawa wathu uja, Khaya. Ndi mtengo wabwino, koma mizere yake ndi yolukanalukana ndipo imang'anima mosiyana, ndiye thabwa limodzi la mbawa pakati pa akale limaonekera patali. Mukafuna kuugwiritsa, sinthani chigawo chonse, kumanja ndi kumanzere kuchokera m'thabwa limodzi lopasulidwa pakati.

Pamwambapo chotsani vanishi ndi mankhwala ndi chopalira, osati makina. Matabwawo ndi opyapyala kale, ndipo timitengo totseka mitu ya masikuluwu tikapyapyala timatuluka. Palani ndi dzanja, sandipepala atamatidwa pa thabwa lalitali. Madontho akuda ozungulira masikuluwu amachoka ndi oxalic acid, mutsuke bwino pambuyo pake. Waya wotsukira mapoto musamuyandikitse, tizidutswa take timachita dzimbiri pansi pa vanishi.

Utoto wake ndi wa filler stain. Mumapaka, kudikira kuti kuwala kuzime, n'kupukuta ndi chiguduli chopingasa mizere kuti ulowe m'timabowo. Ukauma osaupalanso. Vanishi woyamba musungunule theka ndi theka, wachiwiri pang'ono, kenaka wosasungunula mpaka mwapaka ka 12 kapena 15, kupala pakati ndi sandipepala wa nambala 220 poyamba, 320 kumapeto. Mizere yoyera ya m'mipata ya matabwa a pamwamba imabwera kutatsala kupaka kawiri kapena katatu, kapena pamapeto penipeni ngati mukuifuna yoyera mbuu, chifukwa vanishi amaisandutsa yachikasu. Osapaka madzulo chinyezi chikugwa, vanishi amachita khungu.

Spana_916:

Ndiwonjezeko za injini, poti palibe wakhudzapo. Ma injini a masilinda 6 a Chris-Craft a zaka zimenezo ankamangidwa pa buloko ya Hercules. Ya mtundu wa K inali ya mphamvu ya 95 hp (horsepower), ya M inali ya 130 hp. Musaikakamize ndi sitata kapena chitsulo chachitali, mudzathyola maring'i. Chotsani mapulagi, thirani oyilo wolowerera m'silinda iliyonse, mudikire sabata, kenaka muziigwedeza pang'onopang'ono uku ndi uku pa flywheel, gudumu lolemera la injini. Nthawi zina chogwira ndi mavalavu omata, osati mapisitoni. Ku Michigan mdani wamkulu ndi chisanu: madzi akatsala mkati amaundana n'kung'amba buloko kapena manifodi. Oyilo akakhala ngati mkaka, kayezetseni buloko musanagule sipeya iliyonse.

Kabuleta yake imakoka mpweya kuchokera pansi, ndipo ikasefukira petulo amadonthera m'kati mwa boti. Nthunzi ya petulo ndi yolemera, imakhazikika pansi. Ikani fani yotulutsa mpweya ndipo iziyenda mphindi 4 musanalize injini, ngakhale botilo silinatuluke nayo kufakitale. Sitata, jenereta kapena pampu ya galimoto musaikemo, zimathetheka moto poyera. Thanki yakale ndi mapaipi a labala zisinthidwe, petulo wa ethanol amazidya. Magetsi ake ndi a 6 volt. Amagwira bwino ngati mawaya a batire ali onenepa mokwanira, ndipo ambiri omwe amadandaula kuti sitata ndi yaulesi anaikamo mawaya opyapyala a galimoto ya 12 volt.

Chembe22:

Zikomo kwambiri akuluakulu. Nambala yapezeka pa mtanda wa injini ndi kuseri kwa mpando, ikuyambadi ndi U-22, ndipo thabwa la m'mbali ndi loyererako komanso lofewa, si lofiira. Penti ndamusiya mpaka khadi lifike. A Nkhwazi, potembenuza botili, galasi la kutsogolo ndi matabwa a mkati a m'mbali ndichotseretu, kapena amathandiza kuligwira kuti lisapindike?