Kutsitsa Fielder popanda kuisandutsa ngolo

Mwini Fielder, Lilongwe:
Akuluakulu, ndili ndi Toyota Corolla Fielder ya 2010 yochokera ku Japan, ndipo mpata waukulu umene uli pakati pa tayala ndi bodi sundisangalatsa. Ndikufuna kuitsitsa pang'ono kuti ioneke bwino, koma sindikufuna kuti iziuma ngati ngolo, chifukwa ndimayendamo ndi banja ndipo nthawi zina timapita kumudzi ku Ntchisi kumene gawo lina la msewu ndi lafumbi. Ena akundiuza kuti ndingodulitsa masipuling'i amene alipowa, ena akuti ndigule masipuling'i aafupi, pomwe anyamata akuntchito akuumirira ma coilover, ma shock obwera pamodzi ndi masipuling'i awo amene munthu amatha kusintha msinkhu wake. Matayala anga ndi 195/65 R15. Kodi njira yanzeru ndi iti?

Makaniko wa ku Ndirande:
Achimwene, zodula masipuling'izo zisiyeni. Sipuling'i ikachepetsedwa mizere yake imalimba kuposa kale, komanso imatha kumasuka pampando wake tayala likalendewera m'dzenje. Kuiwotcha ndi moto wa gasi n'koipa kwambiri, popeza chitsulocho chimataya mphamvu ndipo galimoto imapendekeka mbali imodzi.

Chimene muyenera kumvetsa n'chakuti galimoto imafewa chifukwa tayala lili ndi danga lokwera ndi kutsika lisanagunde kamphira kamene timati bump stop. Mukatsitsa galimoto mwadya gawo la danga limenelo, ndipo n'chifukwa chake opanga masipuling'i aafupi amawalimbitsa dala, kuti danga lotsalalo lisamathe pa hampu iliyonse. Choncho mukatsitsa kwambiri, kuuma sikungapeweke, kaya mwagula zodula bwanji. Ine ndimalangiza mamilimita 25 mpaka 30 basi pa misewu yathuyi.

Pogula, funani masipuling'i a progressive, amene mizere yake inatalikirana mosiyanasiyana kotero kuti amayamba mofewa pa timabampu ting'onoting'ono n'kumalimba akapanikizika kwambiri. Makampani a ku Japan amasiyanitsa mitundu: Tein ili ndi High.Tech yoganizira kufewa ndi S.Tech yotsika kwambiri, Tanabe ili ndi NF210, pomwe RS-R ili ndi Down komanso Super Down, imene yachiwiriyo si ya munthu wopita ku Ntchisi. Poitanitsa tchulani nambala ya chasisi, chifukwa Fielder ya 1.5 yokoka ndi matayala akutsogolo ndi NZE141G pomwe ya 4WD ndi NZE144G, ndipo musalandire za Axio, Corolla ya saluni ija, poganiza kuti n'chimodzimodzi, popeza kulemera kwa kumbuyo n'kosiyana.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri n'kuika masipuling'i atsopano pa ma shock otopa amene anabwera ndi galimoto. Sipuling'i yolimba imafuna shock yotha kuigwira, apo ayi galimoto imangodumphadumpha ndipo posakhalitsa mafuta amayamba kutuluka. Shock ya KYB Lowfer Sports inapangidwira galimoto zotsitsidwa, monganso Bilstein B8 pa galimoto zimene imapezeka. Mukamasula, onaninso mabushi ndi ma top mount (pamene shock imamangidwira ku bodi kumwamba), kenako mukachititse wheel alignment galimoto ikayenda masiku angapo n'kukhazikika, chifukwa mukapanda kutero matayala adzadyeka m'kati.

Wa ku Joni:
Ndikugwirizana ndi amakaniko, ndipo ndiwonjezere za ma coilover chifukwa ndinapsa nawo. Kuno ku Johannesburg ndinagula otchipa opanda dzina lodziwika n'kuika pa Polo yanga, ndipo ngakhale galimoto inkaoneka bwino itaima, mkazi wanga anayamba kukana kukweramo. Ubwino wa coilover n'kuti mumasankha nokha msinkhu, ndipo ina ili ndi kachitsulo kopotokola kofewetsera shock, koma kachitsuloko sikasintha kulimba kwa sipuling'i, imene pa mitundu yambiri yotchipa imakhala youma kwambiri. Palinso fumbi ndi matope, zimene zimalowa m'mazinga osinthira msinkhu mpaka kugwirana, moti pakatha chaka osatsuka simungawatembenuzenso.

Chinanso, musathamangire malimu aakulu. Pa 195/65 R15 khoma la tayala ndi pafupifupi mamilimita 127, pomwe pa 215/45 R17 ndi 97 okha, kutanthauza kuti mwataya mamilimita 30 a mphira ndi mpweya amene amameza dzenje shock isanayambe n'komwe ntchito. Ngati mtima ukufunitsitsa malimu, imani pa 205/55 R16, pamene khomalo ndi mamilimita 113.

Gogo Dalaivala:
Mwana wanga, anzakowa akuuza zoona, koma palibe amene wafunsa za katundu. Galimoto imayesedwa itadzaza, osati ili yokha panja pa nyumba. Ukamabwerera kuchokera kumudzi umakhala ndi anthu atatu kumbuyo ndi matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50 m'buti, ndiye pamenepo yatsika kale yokha. Usanagule kanthu, idzaze motero, utenge tepi uyeze kuchokera pansi kufika pa sampu (mosungira oilo pansi pa injini) ndi pa paipi ya utsi, kenako uchotsepo mamilimita 30 amenewo n'kuganizira mahampu a m'tauni ndi mtumbira wa pakati pa msewu wafumbi nthawi ya dzinja. Sampu ikabooka kutchire, mafuta amatha injini usanaizimitse. Kunena mosabisa, ine ndikanangoika ma shock atsopano a msinkhu wake womwewo n'kuisiya.

Mwini Fielder, Lilongwe:
Zikomo nonse. Agogo, ndayeza monga mwanenera, ana atakhala kumbuyo ndi matumba awiri a simenti m'malo mwa chimanga, ndipo kumbuyo kwatsika kuposa mmene ndimaganizira. Ma coilover ndawasiya, ndipo matayala akhala omwewa. Amakaniko, kodi ndi bwino kutsitsa kutsogolo kokha, kumene mpata ukuonekera kwambiri, n'kusiya masipuling'i akumbuyo mmene alili?

Makaniko wa ku Ndirande:
Sindingakulimbikitseni, achimwene, chifukwa masipuling'i amenewa amapangidwa kuti agwire ntchito anayi pamodzi, ndipo mukalimbitsa kutsogolo kokha galimoto imasintha khalidwe pokhota, nyali nazo zimaloza pansi. Gulani seti yonse yotsika pang'ono kwambiri, ndipo akale aja muwasunge m'nyumba, musawagulitse.