Za sukulu ya mwana wathu wa Sitandade 3: zokambirana pa gulu la banja

Amalume (Lilongwe): Moni nonse a m'banja. Ndalemba kuti tikambirane za mwana wa achemwali anga aang'ono, amene wabwereza Sitandade 3 kachiwiri. Loweruka ndinali kumudzi, ndipo ndinamuitana katatu ali chondifulatira pamtondo, koma sanatembenuke mpaka nditamugwira paphewa. Titakhala maso ndi maso tinacheza bwinobwino, kungoti nthawi yonseyo ankandiyang'anitsitsa pakamwa. Ine ndikuona kuti mwanayu samva bwino, ndipo monga mwini mbumba sindingakhale chete. Ndikupempha mayi ake atifotokozere kaye mmene zinayambira.

Mayi ake (kumudzi): Zikomo achimwene poyambitsa nkhaniyi, chifukwa yakhala ikundisowetsa tulo. Mukumbukira kuti ali ndi zaka zinayi anadwala malungo aakulu mpaka kukomoka, ndipo tinakhala masabata awiri m'chipatala. Chichokereni kumeneko khutu lakumanja lakhala likutuluka mafinya nthawi ndi nthawi, makamaka akagwidwa ndi chimfine. Kunyumba timamvana chifukwa ndinazolowera kumulankhula ndili pafupi naye, koma kusukulu amamunena kuti ndi nkhutukumve, ndipo anzake anamupatsa dzina loti gonthi. Sabata yatha anabwera akulira, nanena kuti sadzapitakonso. Nditatsegula kope lake ndinapeza kuti zonse zolembedwa pabolodi amakopera mwaukhondo, koma tsamba la mawu amene aphunzitsi amachita kuyitanira pakamwa linali loyera.

Amalume (Lilongwe): Maganizo anga ndi akuti timupezere malo ku sukulu ya ana osamva ya ku Mua, poti ili m'boma lathu lomweli la Dedza ndipo ana amagonera komweko. Kumeneko aphunzitsi anaphunzira ntchito imeneyi, ndipo palibe amene angamutche mayina onyoza.

Mayi aakulu (Blantyre): Achimwene, ndikumvetsa chifundo chanu, koma ndikupempha kuti tisathamangire kusamutsa mwana tisanadziwe kukula kwa vuto lake. Ndaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri, ndipo zimene mayi ake afotokoza za kope lija zikundiuza kuti nzeru mwanayu ali nazo, chimene chikumudutsa ndi mawu a mphunzitsi basi. Taganizirani kalasi ya ana oposa 100 okhala pansi, iye ali kumbuyo pafupi ndi khomo, mvula ikugunda pamalata, mphunzitsi akufotokoza uku akulemba pabolodi atafulatira ana. Ngakhale mwana wakumva bwino amataya mawu ena pamenepo, nanji uyu amene amadalira kuona milomo. Sukulu monga Mua, Maryview ku Nguludi, Mountain View ku Bvumbwe ndi Embangweni ku Mzimba zimagwira ntchito yotamandika, koma ndi zowerengeka m'dziko lonse, ndipo zimathandiza kwambiri ana amene vuto lawo ndi lalikulu moti njira yawo yeniyeni ndi chinenero chamanja. Wathuyu amalankhula, amayankha ukamuyandikira, ndipo ali ndi zaka khumi zokha. Kumuchotsa pa mayi ake n'kukamuika kogonera kuyenera kukhala chinthu chimene madokotala ndi aphunzitsi odziwa atilangiza, osati chimene ife tasankha chifukwa cha kupwetekedwa mtima.

Bambo ake (kumudzi): Alamu, ine nkhawa yanga ndi yakuti tikakauza a sukulu kuti mwana ali ndi ulumali, adzangotiuza kuti pano si malo ake. Ndi chifukwa chake ndakhala ndikuzengereza kupitako.

Mayi aakulu (Blantyre): Alamu, sukulu ya boma ilibe mphamvu yobweza mwana pachifukwa chimenecho. Maphunziro a pulayimale akhala aulere kuyambira 1994, lamulo la anthu aulumali la 2012 linaletsa kusala munthu pa maphunziro chifukwa cha ulumali, ndipo mu 2017 unduna wa zamaphunziro unakhazikitsa ndondomeko yoti ana ofunika chithandizo chapadera aziphunzira limodzi ndi anzawo m'sukulu za kufupi ndi kwawo. Vuto limene ndimaliona ndi lakuti chithandizocho sichibwera chokha kudzagogoda pakhomo, makolo amayenera kuchitsatira. Njira yake ndi iyi. Muyambe ndi aphunzitsi aakulu, muwapemphe kuti alembe mwanayu m'kaundula wa ana ofunika chithandizo chapadera, chifukwa ziwerengero zimene sukulu imatumiza ku boma ndi zimene zimasonyeza kumene kukufunika mphunzitsi kapena zipangizo. Kenako mufunse kuti akulumikizeni ndi a PEA, alangizi a zamaphunziro a zoni yanu, amene amapezeka ku TDC, likulu la zoni kumene aphunzitsi amachitira misonkhano ndi maphunziro awo. Iwowo ndi amene amadziwa sukulu yapafupi imene ili ndi resource centre, chipinda chothandiziramo ana ofunika chithandizo chapadera, komanso ngati m'zonimo muli mphunzitsi wophunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, kumene amaphunzitsa aphunzitsi a ana a vuto la kumva, la kuona ndi la kuchedwa kugwira maphunziro. Aphunzitsi amenewa ndi ochepa, ndipo ena amayendera sukulu zingapo pa njinga, choncho musadabwe akamabwera mwa apo ndi apo. Komabe ulendo umodzi wa munthu wotere ungathe kusintha mmene mphunzitsi wa kalasi amamuonera mwanayu.

Azakhali (Dedza boma): Ndikugwirizana ndi amayi aakulu, koma ndiwonjezere kuti zonsezi zidzayenda bwino tikakhala ndi pepala la kuchipatala m'manja. Khutu lotuluka mafinya liyenera kuchiritsidwa kaye, ndipo chonde lekani kuthiramo madzi a masamba kapena kutokosa ndi nthenga, chifukwa zimenezo zimangowonjezera bala. Mutenge buku lake la kuchipatala, lija analembamo za malungo, mupite nalo ku chipatala cha boma kuti akupatseni kalata yokutumizani koyeza makutu. Ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic ku African Bible College, ndipo ku Blantyre amayeza ku Queen Elizabeth. Kwa ife kwapafupi ndi ku Lilongwe, kumene angathe kugona kwa achimwene.

Amalume (Lilongwe): Ndamva, ndipo za ku Mua ndaziyika kaye pambali mpaka tione zotsatira. Malo ogona ndi chakudya zili kwa ine, ndipo ndidzawaperekeza ndekha tsiku loyezetsalo. Mawa ndipita kukafunsa masiku amene amaona ana komanso ndalama zofunika, kuti asadzayende ulendo wachabe.

Mayi aang'ono (Johannesburg): Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali ku ntchito ya usiku. Ndawerenga zonse, ndipo mawu akuti gonthi andipweteka mtima kwambiri, chifukwa mwana amene uja ndinamubereka kumsana ndisanabwere kuno. Ndalama ya minibasi ya anthu awiri, kupita ndi kubwerera, nditumiza pa Mukuru Lachisanu. Funso langa ndi lakuti, akanena kuti akufunika kachipangizo kovala kukhutu kothandizira kumva, kodi sikungakhale bwino kuti ndigule kuno n'kutumiza ndi basi?

Azakhali (Dedza boma): Amayi aang'ono, chonde musagule musanamve kwa oyeza. Kachipangizoka amakatchera molingana ndi mmene khutu la mwiniwake likumvera, ndipo kachidutswa kolowa m'khutu amachita kuumba pa khutu lenilenilo, n'kumasintha mwana akamakula. Kogula chigulire kangathe kungomusokosera kapena kumuwononga kumva kotsalako. Kumene thandizo lanu lidzafunike kwa nthawi yaitali ndi pa mabatire, chifukwa ndi ang'onoang'ono, amatha msanga, ndipo pa golosale ya kumudzi sapezeka. Tidzafunikanso kabotolo kotseka bwino kosungiramo usiku, poti chinyezi cha dzinja chimawononga tizipangizo timeneti.

Mayi aakulu (Blantyre): Pamene tikudikira za kuchipatala, pali zinthu zosalira ndalama zimene zingayambe Lolemba lomweli. Aphunzitsi amukhazike kutsogolo, khutu lake labwino lakumanzere litaloza kumene iwo amaima, ndipo pofotokoza aziyang'ana ana, osati bolodi. Mawu atsopano ndi ntchito yokachitira kunyumba azizilemba, osangonena pakamwa. Amupezere mnzake mmodzi wodekha wokhala naye pafupi, woti azimulozera tsamba limene afika. Ndilemba kalata yaulemu yofotokoza zimenezi kuti mukapereke, chifukwa mphunzitsi wa ana ochuluka chotere sitiyenera kumufikira ngati tikumuimba mlandu. Chimene chikundifulumizitsa ndi chakuti kuyambira Sitandade 5 maphunziro ambiri amaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo mwana amene akuvutika kugwira mawu a Chichewa chimene amachidziwa adzavutika koposa ndi chilankhulo chachilendo. Komanso akadzafika Sitandade 8, a MANEB amakonza mayeso moganizira ana ofunika chithandizo chapadera, koma amadalira kuti sukulu iwadziwitse polembetsa mayina.

Mayi ake (kumudzi): Ndathokoza nonse, mtima wanga wakhalako pansi. Ndawawerengera agogo ake mauthengawa, ndipo akuti iwo akalankhula ndi amayi a mother group a pasukulupo, poti awiri mwa iwo amapemphera nawo limodzi, kuti nkhani ya mayina onyoza ithe. Apemphanso kuti tonse, ngakhale pocheza pakhomo, tileke kumukalipira akapanda kuyankha.

Bambo ake (kumudzi): Ine ndipita nawo kwa aphunzitsi aakulu Lolemba m'mawa ndisanapite kudimba, ndipo za a PEA ndikafunsa ndekha. Alamu a ku Blantyre, tumizani kalatayo pofika Lamlungu madzulo kuti ndiikopere papepala.

Amalume (Lilongwe): Zili bwino. Azakhali, muwalandire ku Dedza Lachitatu kuti akatenge kalata ya kuchipatala, ndipo achemwali musaiwale buku lakale lija la malungo pamodzi ndi makope ake awiri a teremu yatha, kuti oyezawo akaone okha kusiyana kwa zokopera pabolodi ndi zoyitanira pakamwa.