Kope la mafayilo a seva yapanyumba: ndingalitumize bwanji kutali lokha, lili lokhomedwa?

Wa_ku_Chirimba analemba kuti:

Moni nonse. Ndili ndi kompyuta yakale imene ndinaikamo Debian (mtundu wina wa Linux), ndipo ikugwira ntchito ngati seva yapanyumba. Muli zithunzi za banja, zikalata za bizinesi ya mayi akunyumba ndiponso Nextcloud (pulogalamu yosungira ndi kugawana mafayilo), zonse pamodzi pafupifupi 400 GB. Pakadali pano ndimakopera zimenezi pa hard drive ina imene imakhala pashelefu pomwepo, koma chichitikireni namondwe wa Freddy mu 2023, pamene nyumba zambiri kuno ku Blantyre zinakokoloka ndi katundu yense, ndaona kuti makope awiri okhala m'chipinda chimodzi sangandipulumutse ku madzi, moto kapena akuba. Ndikufuna kuti kope lina lizipita lokha kutali usiku uliwonse, litakhomedwa ndi encryption kuti amene akulisunga asathe kuwerenga. Ndigwiritse ntchito pulogalamu iti, nanga nditani ndi kuzimazima kwa magetsi komanso kukwera mtengo kwa mabandulo?

NaPhiri_Linux analemba kuti:

Bambo, mapulogalamu awiri aulere amene ndimawadalira ndi restic ndi BorgBackup. Onsewa amakhoma mafayilo ndi encryption yotchedwa AES-256 asanatuluke m'nyumba mwanu, ndiponso amaduladula fayilo iliyonse m'tizigawo, kotero kuti usiku wotsatira amatumiza tizigawo tokhato timene tasintha. Apa ndi pamene bandulo yanu idzapumire. Borg amayenda bwino ngati kompyuta yolandira kopelo ili ndi SSH (njira yotetezeka yolowera mu kompyuta yakutali) ndipo Borg waikidwa kumeneko, pamene restic amalandiridwa m'malo ambiri, monga SFTP (kutumiza mafayilo kudzera pa SSH) komanso malo osungira mafayilo a makampani akunja, monga Backblaze B2, Amazon S3 ndi Storage Box ya Hetzner. Ine ndingakusankhireni restic chifukwa cha ufulu umenewu.

Pa nkhani ya magetsi, musadalire cron, pulogalamu yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika, chifukwa nthawi yoikidwayo ikakwana seva ili yozima, cron amangodumpha tsikulo osanena kanthu. M'malo mwake konzani systemd timer, imene imagwira ntchito ngati ya cron, yokhala ndi OnCalendar pamodzi ndi Persistent=true, ndipo ntchito imene inaphonyedwa idzayamba seva ikangoyaka. Magetsi akazima ntchito ili mkati, makope akale sawonongeka, koma nthawi zina pamatsala loko imene muyenera kuichotsa ndi restic unlock.

Chenjerani ndi database ya Nextcloud. Mukakopera mafayilo ake ikugwira ntchito, mukhoza kusunga chinthu chosatsekuka. Script yanu (fayilo ya malamulo oyendetsera ntchito yokoperayi) iziyamba yatulutsa database ndi mysqldump kapena pg_dump, kenako restic azitenga fayilo imeneyo.

Wakujoni analemba kuti:

Zimene anena a NaPhiri ndi zoona, koma achimwene werengerani kaye ulendo woyamba. Ngati intaneti yanu imatumiza pa 5 Mbps, ndiye kuti pa tsiku mungatumize pafupifupi 54 GB, choncho 400 GB idzatenga kupitirira sabata yathunthu osalekeza, ndipo makampani akunjawo amafunanso kulipidwa ndi khadi mwezi uliwonse m'madola kapena mayuro. Ngati muli ndi m'bale wodalirika ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, gulani Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono) ndi hard drive, mupange kope loyambalo muli kwanu kudzera pa waya, kenako munyamule zipangizozo mukaziike kwa m'baleyo. Muzilumikize ndi seva yanu kudzera pa WireGuard kapena Tailscale (mapulogalamu olumikiza makompyuta motetezeka pa intaneti), ndipo usiku uliwonse kuzidutsa zosintha zokha. M'baleyo ngakhale atatsegula hard drive imeneyo sadzaona chithunzi ndi chimodzi chomwe.

Pa Raspberry Pi muikepo rest-server, pulogalamu yolandira makope a restic, ndipo muiyatse ndi --append-only, kuti izingolola kuwonjezera, osati kufufuta. Ubwino wake ndi wakuti munthu woipa akalowa mu seva yanu, kapena ransomware (pulogalamu yoipa yokhoma mafayilo kuti mulipire) ikagwira mafayilo, sangathe kufufuta makope akale amene ali kutaliko. Kuipa kwake ndi kwakuti kuchotsa makope akale, monga ndi restic forget --keep-daily 7 --keep-monthly 12 --prune, simungakuchite kuchokera pa seva yomweyo, muyenera kuchitira mbali inayo. Kuvutako ndi kochepa poyerekeza ndi chitetezo chake.

Wa_ku_Chirimba analemba kuti:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Pali chimodzi chimene chikundisokonezabe. Kuti ntchitoyi izichitika yokha, mawu achinsinsi ayenera kukhala mu fayilo pa seva yomweyo. Kodi pamenepa encryption ikhala ikuteteza chiyani?

NaPhiri_Linux analemba kuti:

Ikuteteza kope limene lili m'manja mwa anthu ena, bambo. Amene walowa mu seva yanu waona kale mafayilo enieniwo, choncho mawu achinsinsiwo samuwonjezera zambiri. Ingoonetsetsani kuti fayiloyo ndi ya root (akaunti yolamulira seva yonse) yekha, ndi chmod 600, ndipo muiloze ndi RESTIC_PASSWORD_FILE.

Ngozi yaikulu ndi ina, ndipo ndi imene anthu ambiri saiganizira. Seva ikapita ndi madzi pamodzi ndi fayilo ya mawu achinsinsi, kope lanu la ku Lilongwe lidzakhala lilipo bwinobwino koma palibe munthu aliyense, ngakhale amene analemba restic, angalitsegule. Lembani mawuwo papepala, pamodzi ndi adiresi ya kumene kuli kopelo ndi malangizo achidule obwezeretsera mafayilo, muike mu envelopu imene izikhala kunja kwa nyumba yanu, ndipo mayi akunyumba adziwe kumene ili, popeza zikalata za bizinesizo ndi zawo.

Komanso ntchito yochitika yokha imatha kuleka yokha mwakachetechete kwa miyezi. Script yanu ikamaliza bwino izitumiza chizindikiro ku healthchecks.io, kuti mudzalandire imelo tsiku limene chizindikirocho sichinafike. Kamodzi pa mwezi yendetsani restic check --read-data-subset=5% kuti mutsimikize kuti hard drive yakutaliyo sikuwonongeka, ndipo musanapite nayo ku Lilongwe, tengani laputopu ina, mugwiritse ntchito pepala lija lokha, mubwezeretse foda imodzi ya zithunzi ndi database ya Nextcloud, muone ngati zikutsekuka.