Diresi la mkwatibwi likutuluka lachikasu pa zithunzi: ndikulakwitsa pati pa white balance?

Nambewe_Zomba analemba kuti:

Moni nonse okonda kujambula. Loweruka lapitali ndinajambula ukwati wa mwana wa achimwene anga ndi kamera ya Canon EOS 80D, ndipo white balance (njira imene kamera imakonzera mitundu kuti choyera chioneke choyera) ndinaisiya pa AWB, pamene kamera imadzisankhira yokha, monga mwa nthawi zonse. Zithunzi za panja pa tchalitchi zinatuluka bwino, koma za mu holo, pa nthawi ya perekaniperekani, zandikhumudwitsa kwambiri. Diresi loyera la mkwatibwi likuoneka ngati laviikidwa mu tiyi, pamene anthu amene anakhala pafupi ndi mazenera akuoneka ngati apakidwa buluu, pa chithunzi chimodzi chomwecho. Ndinamvapo kuti kuwala kwa buluu kuli ndi nambala yaikulu ya Kelvin, choncho ndinachoka pa AWB n'kukweza K, nambala ya Kelvin ya pa kamera, kufika pa 7000 poganiza kuti chikasucho chichepa, koma m'malo mwake chinawonjezeka. Mwezi wamawa ndili ndi chinkhoswe mu holo yomweyo, ndipo sindikufuna kubwereza vutoli.

Mphunzitsi_wa_Sayansi anayankha kuti:

Mayi Nambewe, zimene munamvazo n'zoona, kungoti nambala ya pa kamera imagwira ntchito mosiyana ndi mmene munaganizira. Taganizirani chitsulo chimene wosula waika pa moto: chimayamba kufiira, kenako chimakhala ngati lalanje, ndipo chikatenthetsa chimayera. Chinthu chotentha kuposa pamenepo chimatulutsa kuwala kopendekera ku buluu. Ndi chifukwa chake mtundu wa kuwala timauyeza ndi muyeso wa kutentha wa Kelvin, umene unatenga dzina la William Thomson, wodziwika kuti Lord Kelvin, amene anaufotokoza mu 1848. Kandulo ili pafupifupi pa 1900K, babu lakale la waya mkati lili pakati pa 2700K ndi 3200K, dzuwa la masana lili cha m'ma 5500K, tsiku la mitambo limafika cha m'ma 6500K, ndipo pa mthunzi kunja kuli ngwee zimadutsa 7000K.

Mukalemba nambala pa K, simukusankha mtundu umene mukuufuna pa chithunzi ayi, koma mukuiuza kamera mtundu wa kuwala kumene kuli m'chipindamo kuti iyo iuchotse. Polemba 7000 munaiuza kuti muli pa mthunzi pamene kuwala n'kwa buluu, ndipo iyo inathira chikasu kuti ithetse buluu amene kunalibe. Mu holo ya mababu achikasu munayenera kutsitsa nambalayo kufika cha pa 3000, kapena kusankha chizindikiro cha babu chimene Canon amachitcha Tungsten. Maso athu sationetsa kusiyana kumeneku chifukwa ubongo umadziwa kale kuti diresi ndi loyera ndipo umadzikonzera wokha, pamene kamera imangoyerekeza.

Kamera_Mzuzu anayankha kuti:

Aphunzitsi afotokoza bwino za manambala, koma vuto lenileni la achemwali lagona pa mazenera aja. M'holomo munali kuwala kwa mitundu iwiri, kwa mababu ndi kwa dzuwa, ndipo palibe nambala imodzi imene ingakonze zonse ziwiri nthawi imodzi. Mukakonza diresi ndi 3000K, anthu a pa zenera adzachita buluu kuposa poyamba. Choncho muyenera kusankha kuwala kumene kukugwera pa nkhope za mkwati ndi mkwatibwi, n'kukonza kumeneko, zina zonse zitsatire pambuyo.

Ine ndimafika pa holo mwambo usanayambe, ndimaima pamene padzakhale eni mwambo, ndipo ndimajambula khadi lotuwa mpaka lidzaze pakati pa chithunzi. Kenako ndimalowa mu menu pa Custom White Balance, ndimasankha chithunzi cha khadicho, ndipo pomaliza ndimasintha white balance kuchoka pa AWB kupita pa Custom. Gawo lomalizali ndi limene ambiri amaiwala, n'kumadabwa kuti palibe chasintha. Ngati khadi mulibe, pepala loyera limathandiza, ngakhale kuti mapepala ena amaikidwa mankhwala owalitsa amene amawapendeketsa ku buluu, zimene zimabweretsa chikasu pang'ono pa chithunzi. Dzuwa likapendeka, kapena magetsi akazima n'kuyatsa nyali zina, muyezenso, chifukwa kuwala kwa 2 koloko si kwa 5 koloko.

Ngati eni mwambo angalole, kutseka makatani a mbali ya mazenera kumathetsa theka la vutoli. Mukamagwiritsa ntchito flash, dziwani kuti kuwala kwake kuli ngati kwa dzuwa, kotero kumalimbananso ndi mababu pokhapokha mutaikapo kapulasitiki ka lalanje kotchedwa CTO gel.

Tiyamike_Studio anayankha kuti:

Ndiwonjezereko ziwiri. Choyamba, jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga chithunzi kamera isanakonze mitundu yake. Pa JPEG kamera imakhala itaphika kale mitundu, ndipo mukayesa kuikonza kwambiri khungu limawonongeka, koma fayilo ya CR2, imene ndi RAW ya kamera yanuyo, imakulolani kusintha white balance pa kompyuta popanda kutaya kanthu. Pulogalamu ya Digital Photo Professional imene Canon amapereka kwaulere ili ndi kachida kodinira pa chinthu choyera kapena chotuwa, ndipo pulogalamu ina yotchedwa darktable nayonso ndi yaulere. Maholo ambiri masiku ano ali ndi machubu kapena mababu a LED amene amabweretsa kubiriwira, ndipo kumeneku sikutheka ndi K yokha, kumafuna kusuntha kachida kotchedwa tint kupita ku magenta, mtundu wofiirira ngati pinki.

Chachiwiri, pano ndisiyana pang'ono ndi achimwene a ku Mzuzu. Ine sindichotsa chikasu chonse. Khungu lathu lakuda likazizira kwambiri pa chithunzi limatuwa, munthu n'kumaoneka ngati wadwala, choncho ndikayeza ndi khadi ndimakwezanso pang'ono, mwina ndi 200K kapena 300K, mpaka nkhope zibwerere mwakale pamene diresi likadali loyera.

Nambewe_Zomba anayankha kuti:

Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ana pa memory card ndipo ndapeza kuti tsiku lija kamera inali pa RAW ndi JPEG pamodzi. Ndatsegula chithunzi chimodzi, ndatsitsa kufika pa 3300K, ndipo mikanda ya pa diresi ikuoneka yoyera monga ndinaionera ndi maso. Achimwene a ku Mzuzu, kodi pa chinkhoswechi khadi ndiliyang'anitse ku kamera kapena ku mababu?