Kodi semiconductor imadutsitsa theka la magetsi?

Wa Fomu 4 ku Dedza: Akuluakulu, ndikupempha kuti mundiunikire. M'kalasi tinaphunzira kuti mkuwa umadutsitsa magetsi, labala sadutsitsa, ndipo silicon ili pakati pa ziwirizi, n'chifukwa chake imatchedwa semiconductor. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti, chinthu chogwira ntchito mwatheka chingakhale bwanji chofunika m'foni ndi m'kompyuta kuposa mkuwa umene umagwira ntchito yonse?

Mphunzitsi wopuma: Mwana wanga, dzinalo ndi limene lakusokeretsa, pakuti nkhani si ya theka ayi. Mkuwa ukaulumikiza ku batire, magetsi amangodutsa, ndipo kuti uwaletse uyenera kudula waya, pamene silicon tingathe kuilamula kuti idutsitse kapena ikane. Atomu iliyonse ya silicon ili ndi maelekitironi (tizinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi) anayi kunja kwake, ndipo onsewo amakhala atagwirana ndi a maatomu oyandikana nayo, kotero kuti omasuka kuyenda amakhala ochepa kwambiri. Opanga amathiramo dala phosphorus pang'ono zedi, amene atomu yake ili ndi asanu. Wachisanuyo amasowa wogwirana naye n'kuyamba kuyendayenda, ndipo silicon yoteroyo ndi imene munaimva kuti n-type. Akathiramo boron, amene ali ndi atatu okha, pamatsala mpata. Taganizira benchi yodzaza m'tchalitchi imene yatsala ndi malo a munthu mmodzi: anthu akamasendera kumanzere mmodzimmodzi, malo opanda munthuwo amaoneka ngati akupita kumanja. Umo ndi mmene magetsi amayendera mu silicon yothiridwa boron, imene imatchedwa p-type. Mitundu iwiriyi ikakumana m'kachidutswa kamodzi, pamalire pake magetsi amaloledwa kudutsa mbali imodzi yokha, ndipo kameneko ndi kamene timati diode.

Wokonza mawailesi, Limbe: Aphunzitsi afotokoza za m'buku, ine ndinene zimene manja anga amaona. Ndikaika mita pa diode ya silicon yabwinobwino imandionetsa mavoti pafupifupi 0.6, ndikatembenuza nthambo zake sionetsa kanthu, koma mitayo ikalira mbali zonse ziwiri ndimadziwa kuti diodeyo yapsa. Magetsi a ESCOM amapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi, pamene batire la foni limafuna oyenda mbali imodzi, ndiye mukatsegula tchaja kawirikawiri mumapeza madiode anayi amene amawawongola. Transistor imaposa pamenepo, chifukwa timagetsi tochepa pa mwendo umodzi timatsegula kapena kutseka njira ya magetsi ambiri pa miyendo iwiri inayo. Yoyamba anaipanga John Bardeen ndi Walter Brattain ku Bell Labs, ku America, mu 1947, ndipo sinali ya silicon n'komwe, inali ya germanium. Lero m'kachip kamodzi ka foni muli ma transistor mabiliyoni.

Wa Fomu 4 ku Dedza: Zikomo kwambiri nonse. Tinauzidwanso kuti semiconductor ikatentha imadutsitsa magetsi ambiri. Nanga bwanji sola ya kwathu imaoneka yofooka masana a mu Okutobala, dzuwa lili pamutu?

Mphunzitsi wopuma: Zimene munauzidwazo n'zoona, ndipo n'zimene zikufooketsa solayo. Kutentha kumamasula maelekitironi ena amene anagwirana aja, ndipo pamalire paja pa n-type ndi p-type m'solamo pamayamba kudontha ngati ndowa yobooka, motero mavoti amatsika. Sola imafuna kuwala, osati kutentha. Mphamvu yolembedwa kuseri kwake anaiyeza itatentha madigiri 25 okha, ndipo digiri iliyonse yowonjezerapo imachotsako pafupifupi 0.4 pa 100 iliyonse. Ukayang'ane mmene anaiikira: ngati inagonekedwa pamalata penipeni, aikweze pang'ono pa timitengo kapena pa zitsulo kuti mphepo izidutsa pansi pake.